Mikwamba 20, Kenako 15

Mawu a Mulungu: Machitidwe a Atumwi 27:9-44 ndi Aroma 11:33-36

Tsegulani Machitidwe a Atumwi mutu 27, muike chala pa ndime 28. Pa ulendo wa Paulo wa panyanja timakumbukira mngelo amene anaima pambali pake usiku, timakumbukiranso njoka imene inamuluma padzanja atafika pa Melita, koma ndime iyi ambiri timangoidumpha. Mulibe chozizwitsa m'menemo. Muli manambala awiri basi. Pakati pa usiku amalinyero anaponya chingwe m'madzi, n'kupeza kuti kuya kwake ndi mikwamba 20. Atasuntha pang'ono anaponyanso, n'kupeza 15. Luka, wolemba bukuli, anali m'ngalawa yomweyo, ndipo anaona kuti manambala amenewa ngofunika kulembedwa. Ine sindikhulupirira kuti Mzimu Woyera anawasiyamo mwangozi.

Tikumbutsane kaye mmene anafikira pamenepa. Paulo anali mkaidi, akupita naye ku Roma kukaonekera kwa Kaisara, cha m'ma 59 kapena 60. Yuliyo, mkulu wa asilikali amene ankamuyang'anira, anamukweza m'ngalawa yaikulu ya ku Alesandriya yonyamula tirigu, pakuti masiku amenewo mzinda wa Roma unkadalira tirigu wa ku Aigupto. Anthu onse m'ngalawamo analipo 276. Ali pa doko lina la chilumba cha Krete, Paulo anawatsina khutu kuti nyengo yoyenda panyanja yatha, popeza tsiku la kusala kudya la Ayuda linali litapita kale ndipo mphepo za dzinja la kumeneko zinali pakhomo. Koma ndani angamvere mkaidi pamene mwini ngalawa ndi woyendetsa wake akunena zina? Kamphepo ka kumwera katayamba kuomba monyengerera, iwo anati zathu zayera, nanyamuka. Sanapite patali. Namondwe wochokera kumpoto chakum'mawa anawagwera kuchokera kumtunda, ndipo ngalawa inaleka kumvera tsigiro. Anaikulunga ndi zingwe kunsi kuti matabwa asamasuke. Anataya katundu. Tsiku lachitatu anataya ndi zipangizo za ngalawa zomwe, ndi manja awo. Dzuwa silinaoneke, nyenyezi sizinaoneke masiku ambiri, ndipo kumbukirani kuti nthawi imeneyo kunalibe kampasi, nyenyezi ndizo zinali msewu. Luka sakubisa: onse anataya chiyembekezo. Usiku wa manambala awiri aja unali wa 14.

Mkwamba ndi chiyani? Achinyamata ambiri sanawamvepo mawu amenewa, koma agogo athu ankayezera nsalu. Munthu amatambasula manja onse awiri, ndipo kuchokera ku nsonga ya chala cha dzanja ili kukafika ku nsonga ya chala cha dzanja linalo, umenewo ndi mkwamba umodzi. Mawu a Chigiriki amene Luka analemba amanenanso za kutambasula manja komweko. Angerezi nawonso ali ndi mawu awo, fathom, amene m'Chingerezi chakalekale ankatanthauza manja otambasulidwa, ngati a munthu amene akufuna kukumbatira mnzake. Pambuyo pake anagwirizana kuti fathom imodzi ikhale mapazi 6, kapena kuti mamita 1.83. Muyeso umenewu unakhazikika panyanja pa chifukwa chosavuta kumva: mmalinyero akamakoka chingwe m'madzi, ankachiwerenga pochitambasula pachifuwa, dzanja uku dzanja uko. Choncho mikwamba 20 ndi pafupifupi mamita 37, ndipo 15 ndi mamita 27.

Kenako mawuwa anatsika m'ngalawa n'kukakhala kumtunda. Lero munthu wa mu ofesi ku London kapena ku Johannesburg, amene sanagwirepo chingwe cha m'sitima, akathedwa nzeru ndi khalidwe la mnzake amanena kuti sangathe kuchita fathom chifukwa chimene wachitira zimenezo. Akutanthauza kuti sakumvetsa, kuti waponya chingwe cha nzeru zake koma sichinagunde pansi. Chinthu chozama mopitirira nzeru amachitcha unfathomable. Mukamvetsera bwino mudzaona kuti kawirikawiri mawuwa amatuluka pakamwa pokana: munthu amawatchula pamene walephera kumvetsa, osati pamene wamvetsa. Omasulira Baibulo la Chingerezi la New International Version anawagwiritsa ntchito pa Yobu 11:7, pa Masalimo 145:3 ndi pa Yesaya 40:28, ponena za zinsinsi za Mulungu, ukulu wake ndi nzeru zake.

Sindikufuna kusandutsa guwa kukhala kalasi ya Chingerezi. Ndawatchula mawuwa chifukwa amasunga choonadi chimene ife Akhristu timachiiwala kawiri. Kumvetsa kwa munthu kumayezedwa ndi manja ake omwe, ndipo chingwe chake chili ndi pothera. Alipo madzi amene chingwe chako sichidzagunda pansi ngakhale ulumikize zingwe za m'mudzi monse. Alipo madzi ena amene chingwe chimafika bwinobwino, ndipo ukapanda kuchiponya udzafa. Vuto lathu ndi lakuti timasinthanitsa. Timatha zaka tikuponya chingwe m'zinsinsi za Mulungu, pamene madzi amene ali pansi pa ngalawa yathu, amene tikanawayeza lero lomwe, sitiwayang'ana n'komwe.

Tiyambe ndi madzi akuya. Masiku 13 aja, pakati pa Krete ndi Melita, sitikumva kuti wina anaponya chingwe. Sikuti anali aulesi. Kumeneko nyanja ya Mediterranean imazama mamita oposa 3,000 m'malo ambiri, ndipo chingwe cha pamanja sichikanawauza kanthu. Ngakhale patapita zaka mazanamazana, kuyeza nyanja yakuya inali ntchito yotopetsa. Mu 1875 sitima ya ku Britain yotchedwa Challenger inatsitsa chingwe m'nyanja ya Pacific pafupi ndi zilumba za Mariana n'kupeza mikwamba 4,475, ndipotu sipanali pozama penipeni, chifukwa lero tikudziwa kuti chigwa chimenecho chimafika pafupifupi mamita 11,000. Nyanja yathu ya Malawi nayo chakumpoto imafika mamita 700, mikwamba pafupifupi 380. Msodzi wa ku Usisya amapalasa bwato pamwamba pa kuya kumeneko, nabwerera kwawo ndi usipa, osagundako pansi ngakhale tsiku limodzi. Madzi amene sangawayezewo ndi omwe amamunyamula.

Koma ife pamaliro sititero. Mnyamata wamwalira mwadzidzidzi, ali ndi digiri yake, ntchito atangoyamba kumene. Mtembo usanatuluke m'nyumba, kuseri kwa siwa manong'onong'o ayamba kale: imfa iyi si yabwinobwino. Amalume atumiza anthu kukaombeza. Ena athamangira kwa amene amadzitcha mneneri, ndipo iye, atalandira kangachepe, wanena kuti waona mayi wachikulire wa m'banja momwemo. Pofika kumanda aliyense akudziwa dzina. Gogo amene anamulera mwanayo kumsana, amene anagulitsa nkhuku zake kuti alipire fizi, akuthamangitsidwa pamudzi ndi miyala. Tonse tamvapo pa wailesi za okalamba amene anaphedwa motere m'dziko lathu lino, ndipo ena mwa oponya miyalawo Lamulungu amavala yunifolomu ya kwaya. Chinawapha agogowo n'chiyani? Ndi anthu amene sanathe kupirira mawu akuti sitikudziwa. Chingwe chawo chitalephera kugunda pansi, anangonama kuti chagunda.

Abwenzi a Yobu anachita chimodzimodzi. Chodabwitsa n'chakuti funso lija la pa Yobu 11:7, lofunsa ngati munthu angafike pansi pa zinsinsi za Mulungu, linatuluka pakamwa pa Zofari, mmodzi wa iwo. Funso labwino, ulaliki wokoma. Koma Zofari yemweyo anali atauza kale Yobu kuti chilango chimene walandira n'chochepa poyerekeza ndi machimo ake. Pakamwa akuti Mulungu ndi wozama, mumtima akuti ine ndamuyeza kale. Mulungu atalankhula m'kamvulumvulu sanamufotokozere Yobu chifukwa cha imfa ya ana ake. M'malo mwake anamufunsa ngati anayendapo pansi pa nyanja. Ndipo pomaliza, amene anakwiyiridwa si Yobu wolira uja, koma abwenzi odziwa mayankho aja, mpaka zinatengera pemphero la Yobu kuti akhululukidwe.

Yesu anakumana ndi mtima womwewu kawiri. Pa Yohane 9 ophunzira anaona munthu wobadwa wosaona, nafuna kudziwa wolakwa, iyeyo kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri, kenako anamuchiritsa. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nakana kuti anali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Chifukwa chimene nsanjayo inagwera iwowo osati ena sanachinene. Anatembenuza nkhani n'kuwauza omverawo kuti alape. Mukuona chimene anachita? Anachotsa chingwe chawo m'madzi amene sakanatha kuwayeza, nachiika m'madzi amene anali pansi pa mapazi awo.

Inu amayi amene munaika mwana m'manda chaka chino, inu bambo amene mwapempherera mphatso ya mwana zaka zambiri popanda yankho, musandimve molakwa. Kufunsa Mulungu kuti chifukwa chiyani si tchimo. Masalimo adzaza ndi funso limeneli, ndipo Ambuye wathu analifuula ali pamtanda. Lirani, funsani, Atate wanu sakutopa nanu. Chimene ndikukuchenjezani ndi munthu amene adzabwere ndi yankho lokonzakonza, makamaka yankho lokhala ndi dzina la m'bale wanu, kapena yankho lofuna envulopu. Deuteronomo 29:29 inagawa kale zinthu pawiri: zobisika ndi za Mulungu, zoululidwa ndi zathu ndi ana athu, kuti tizichite. Paulo yemweyu, atalimbana kwa mitu itatu ya kalata ya Aroma ndi funso lomuwawa la chifukwa chimene abale ake Ayuda ambiri anakanira Khristu, anafika poti chingwe chatha. Sanapeke yankho. Anagwada n'kulemekeza kuzama kwa nzeru za Mulungu, ndipo ndiwo mawu amene tawerenga pa Aroma 11. Mkhristu wokhwima amatha kunena kuti sindikudziwa, koma amene akudziwa ndimamudziwa.

Tsopano tibwerere ku usiku uja, chifukwa mbali yachiwiriyi ndi imene ikutikhudza kwambiri. Ngalawa ija inapirira masabata awiri pa madzi akuya. Inasweka pa madzi osaya.

Luka akuti pakati pa usiku amalinyero anazindikira kuti akuyandikira mtunda. Sakunena kuti anazindikira bwanji, koma James Smith wa ku Jordanhill ku Scotland, katswiri woyendetsa mabwato a matanga amene anafufuza ulendowu n'kutulutsa buku lake mu 1848, anaganiza kuti anamva mkokomo wa mafunde akuswekera pa matanthwe a Koura, polowera pa gombe limene lero limatchedwa St Paul's Bay ku Malta, chilumba cha Melita chija. Atayerekeza ndi mapu a panyanja, anapeza kuti kuya kwa malo amenewo kukugwirizana ndi manambala a Luka. Kaya anamva ndi makutu kaya ndi chiyani, chimene anachita n'chimene ndikufuna muchione. Sanayambe kukangana kuti ine ndikuona ngati tili kutali, ine mtima wanga ukundiuza kuti tili bwino. Anatenga chingwe.

Chipangizocho n'chosavuta. Ndi chingwe chachitali chomangirira mtovu wolemera kumapeto. Kunsi kwa mtovuwo kuli kadzenje, ndipo m'kadzenjemo amamatamo mafuta oundana a nyama. Mtovu ukagunda pansi, mafutawo amatola zimene zili pansipo, mchenga, matope kapena tizigoba, ndipo akabwera opanda kanthu, ongophwanyika, ndiye kuti pansi pali thanthwe. Ofukula zakale apeza mitovu yotere ya m'nthawi ya Aroma, ndipo wolemba mbiri yakale Herodotus analemba zaka zoposa 400 Khristu asanabadwe kuti oyandikira Aigupto ankatulutsa matope a mtsinje wa Nile pa chingwe chawo mtunda usanaoneke. Amalinyero a ku Britain a m'zaka za pambuyo pake ankaika zizindikiro pachingwepo: tizikopa tiwiri pa mikwamba 2, kansalu koyera pa 5, kofiira pa 7, chikopa chobowola pa 10, mfundo ziwiri pa 20. Anasankha zinthu zosiyana kakhudzidwe dala, kuti mumdima munthu azizindikire ndi zala. Taganizani munthu ameneyo, wadzimangirira m'mbali mwa sitima, madzi ozizira akumumenya kumaso, akukoka chingwe chonyowa, zala zikufufuza kansalu. Iye alibe nthawi ya maganizo okoma. Akufuna nambala, ndipo nambalayo sangaisinthe chifukwa choti sakuikonda.

Ndipo anayeza kawiri. Mikwamba 20 payokha si yoopsa, ngalawa iliyonse imayandama bwino pamenepo. Ngakhale 15 ndi madzi ambiri. Choopsa chinali kusiyana kwake. Muyeso woyamba unawauza pamene ali, wachiwiri unawauza kumene akupita. Ndipo sanadikire kuti ifike pa 5. Anaponya anangula anayi kumbuyo kwa ngalawa nthawi yomweyo, nayamba kulakalaka kuti kuche.

Ndifunse tsono. Inu bambo, ngongole zanu zonse pamodzi ndi zingati? Sindikufunsa ngati muli ndi ngongole, masiku ano ndani alibe. Ndikufunsa nambala. Munatenga ku banki m'khonde kuti mugule feteleza. Tsiku lobweza litafika munatenga ku gulu lina la mayi a kunyumba kuti mutseke dzenje loyambalo. Kenako munakongola pafoni. Kenako munapita kwa wa katapila, n'kumusiyira khadi ya ku banki. Ina iliyonse payokha imaoneka yaing'ono, ndipo simunaziikepo papepala limodzi chifukwa mukuopa chimene pepalalo lidzanena. Usiku tulo sitibwera, foni ikalira mtima umagunda, mafunde mukuwamva ndithu, koma chingwe simukuchigwira. M'malo mwake mwayamba kubetcha mpira poyembekeza kuti tsiku lina mudzaphula zonse, ndipo ku mapemphero a usiku mukudzudzula mzimu wa umphawi. Pempherani, sindikuletsa. Koma Yesu pa Luka 14 ananena kuti womanga nsanja amayamba wakhala pansi n'kuwerengera. Lembani za mwezi wa Januwale, lembani za mwezi uno, muone ngati zikukwera kapena kutsika. Ndipo muwaonetse akazi anu. Nawonso ali m'ngalawa yomweyo.

Thupi nalonso lili ndi manambala ake. Kuthamanga kwa magazi kumapha mwakachetechete, shuga amadya maso ndi mapazi pang'onopang'ono, ndipo zonsezi kuchipatala amaziyeza mphindi zochepa. Kachilombo ka HIV kamayezedwa ndi kadontho ka magazi a pachala, mankhwala ake alipo. Komabe alipo abale amene amati kukayezetsa ndi kudziitanira matenda, ndipo ena anataya mankhwala chifukwa wina anawauza kuti kumwa mapilisi ndi kusakhulupirira. Tawaika m'manda anthu otere, kenako tabwerera kunyumba n'kumafunsa chifukwa chimene Mulungu wawatengera msanga. Funsolo tinaliponya m'madzi olakwika. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

M'banja n'chimodzimodzi, ndipo sindichulukitsa. Ngati chaka chatha munkadyera mbale imodzi, chaka chino aliyense amagona atatsamira foni yake, musadikire kuti masutikesi atuluke pakhomo ndiye muitane ankhoswe.

Wina anena kuti, abusa, zimenezi ndi nzeru za dziko, ife timayenda m'chikhulupiriro. Tiyeni timufunse Paulo. M'ngalawa monsemo ndi iye yekha amene anali ndi lonjezo lochokera kumwamba. Mngelo anamuuza kuti adzaimadi pamaso pa Kaisara, ndiponso kuti Mulungu wamupatsa miyoyo ya onse oyenda naye. Akanakhala ngati ena a ife akanawauza amalinyero kuti pindani chingwe chanucho, Mulungu wanena kale. Koma onani zimene anachita. Amalinyero atafuna kuthawa, iye anauza Yuliyo ndi asilikali kuti anthu amenewa akachoka palibe apulumuke. Munthu wokhala ndi lonjezo la mngelo akunena kuti popanda akatswiri a zingwe ndi matanga sitifika. Kusanache anawakakamiza onse kudya, pakuti wanjala sangasambire. Anatenga mkate, nayamika Mulungu pamaso pa onse, nayamba kudya. Anthu anawerengedwa. Tirigu wotsala anatayidwa m'nyanja kuti ngalawa ipepuke n'kuyandikira gombe. Lonjezo la Mulungu silinathetse kuyeza, kuwerenga, kudya ndi kutaya katundu. Linadutsa m'zimenezo.

Nkhani ya amalinyero othawa aja tisaipitirire msanga, akuluampingo. Anthu amenewa ndi amene ankadziwa manambala. Ankadziwa tanthauzo la 20 ndi 15 kuposa wina aliyense. Ndiye anatani ndi chidziwitso chimenecho? Anayamba kutsitsa kabwato mwakachetechete, akunamizira kuti akukaponya anangula kutsogolo. Pakamwa ntchito ya ngalawa, m'manja chipulumutso cha iwo okha. Mwambo wa panyanja unali wakuti woponya chingwe ankafuula nambala mokweza kuti woyendetsa ndi onse amve. Pa mtsinje wa Mississippi ku America, chingwe chikaonetsa mikwamba iwiri woyezayo ankafuula kuti mark twain, ndipo Samuel Clemens, amene anayendetsapo sitima pamtsinjewo, anatenga mfuu imeneyo kukhala dzina lake lolembera mabuku. Nambala ya kuya kwa madzi si chuma cha munthu mmodzi. Nanga bwanji m'mipingo yathu ina chaka chimatha msungichuma osaimirira kutsogolo kuwerenga zolowa ndi zotuluka? Pepala Sande tinachita, mabanja anasenza matumba a chimanga, koma denga likudonthabe, ndipo wofunsa amatchedwa woukira. Komiti ikudziwa kuti akaunti yauma, ikungouza mpingo kuti zonse zili m'manja mwa Ambuye. Paulo yemweyu, potumiza chopereka cha ku Yerusalemu, anakana kunyamula ndalamazo yekha, anafuna kuti mipingo isankhe anthu oyenda naye kuti pasapezeke womunena. Werengani 2 Akorinto 8. Ngati mtumwi analola kuyang'aniridwa, ife ndife yani?

Koma muyeso wofunika koposa ndi wa mtima, ndipo apa ndikumbukira mafuta aja a kunsi kwa mtovu. Chingwe sichinkangonena kuti pansi pali patali bwanji, chinkabweretsanso zimene zili pansipo. Paulo anauza Akorinto kuti adziyese okha ngati ali m'chikhulupiriro, ndiponso kuti munthu adziyese asanadye Mgonero wa Ambuye. Sananene kuti ayese mnzake wa pa benchi yakutsogolo. Palibe amene amadzuka m'mawa n'kulengeza kuti lero ndikusiya Yesu. Zimayamba ndi pemphero lam'mawa limene lafupika, kenako latha. Baibulo lili pafoni koma chala chimapita kwina. Bodza limene chaka chatha likanakusowetsani tulo, lero limatuluka popanda kuphethira. M'bale amene munayambana naye pa nkhani ya munda, zaka zapita, mumasinthana msewu, ndipo nonse mumalandira Mgonero. Mukadziyerekeza ndi oyandikana nawo mudzapeza kuti muli bwino, pakuti woipa kuposa inu sasowa. Dziyerekezeni ndi mmene munalili chaka chatha. Mukatsitsa chingwe moona mtima pamaso pa Mulungu, yang'anani chimene chamatirira: kodi ndi kuwawidwa, kodi ndi kaduka, kodi ndi chikondi cha ndalama? Kapena mafuta abwera opanda kanthu chifukwa mtima wauma gwa?

Ndisakunamizeni kuti amene wayeza ndiye kuti zake zonse zipulumuka. Ngalawa ija inasweka ndithu. Kutacha anaona gombe la mchenga, anadula anangula, anamasula tsigiro, anakweza thanga la kutsogolo, koma asanafike ngalawa inatitimira mumchenga ndipo mafunde anaphwanya kumbuyo kwake. Tirigu anapita, chuma cha mwini ngalawa chinapita. Chimene kuyeza kunawachitira n'chakuti sanawombe matanthwe mumdima. Anasweka kutayera, pafupi ndi gombe, atadya, ali pamodzi. Odziwa kusambira anasambira, ena anagwira matabwa ndi zidutswa za ngalawa, ndipo onse 276 anafika kumtunda, monga Mulungu ananenera. Mwina inu mukawerengera mupeza kuti galimoto iyenera kugulitsidwa, kapena bizinesi iyenera kutsekedwa, kapena udindo wa mumpingo muyenera kuutula kaye. Zimawawa. Koma Mulungu sanalonjeze Paulo ngalawa. Anamulonjeza anthu.

Ndipo kwa inu amene mukuopa kuyeza mtima wanu chifukwa mukudziwa kale zonyansa zimene zituluke, imvani Uthenga Wabwino. Mneneri Mika, kumapeto kwa buku lake, akuti Mulungu amatenga machimo a anthu ake n'kuwaponya pansi pa nyanja. Sakuwasiya m'mbali mwa gombe pamene mafunde angawabwezere. Akuwaponya kumene kulibe chingwe chofikako. Yesu Khristu anafera machimo amene mudzawapeze mukadziyesa, ndipo anauka. N'chifukwa chake Mkhristu angathe kuyang'ana choonadi cha moyo wake osanjenjemera: chimene waulula kwa Khristu chakhululukidwa, ndipo chimene chakhululukidwa palibe wochivuula, kaya ndi Satana, kaya ndi apongozi, kaya ndi inu nomwe. Mpingo nawonso uleke kuwedza machimo a m'bale amene analapa kalekale n'kubwezeredwa.

Choncho ndikukupemphani, okondedwa, sabata ino lisathe. Inu a ngongole, khalani pansi ndi akunyumba kwanu, pepala ndi cholembera zili patebulo. Inu amene papita zaka musanayezetse, pitani kuchipatala, ndipo amene munasiya mankhwala kawafotokozereni adokotala mosabisa. Akuluampingo, ikani tsiku loti msungichuma awerenge malipoti pamaso pa mpingo wonse. Banja limene linaloza chala gogo wawo pamaliro, pitani mukawapepese akadali moyo, muwabwezere kunyumba kwawo. Ndipo ngati mwaona kuti katundu wanu simungamusenze nokha, musavutike mumdima. Pitani kwa abusa anu kapena kwa mkulu wa mpingo wa m'dera lanu, mukawauze zonse monga zilili, mupemphere limodzi. Amen.